Phunziro la Mwezi Uno: Tizidziwe Mbalame za M'madambo Mwathu

Cholinga cha phunziro: Kuti tidziwe kusiyanitsa mbalame za miyendo italiitali zimene timaziona m'madambo, tidziwe zimene zikuchuluka ndi zimene zikutha, ndiponso tigwirizane chochita m'magulu mwathu.

Mawu oyamba

Phunziro la mwezi uno likuchokera ku dambo. Ambiri a ife kuno kwa Msakambewa ndi m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi timatsikira ku dambo kangapo pa sabata. Timakatunga madzi, timakachapa, timakathirira ndiwo ku dimba, ndipo chilimwe timakamweta udzu wofolerera nyumba. Tikafika kumeneko timapeza mbalame zitaima m'madzi, za miyendo italiitali ndi makosi aatali. Mdzukulu akafunsa kuti, "Agogo, ndi mbalame yanji iyo?" timangoyankha kuti ndi kakowa, basi nkhani yathera pomwepo.

Komatu si zonse zili akakowa, ndipo akakowa enieniwo alinso mitundumitundu. Mitundu ina ikuchuluka chaka ndi chaka, pamene ina yangotsala pang'ono kutheratu pa dziko lonse. Munthu wosadziwa kusiyanitsa akhoza kuona dambo loyera ndi akakowa nati zonse zili bwino, chonsecho mbalame zina zimene makolo athu ankaziona zinasowa kalekale.

1. Mabanja atatu

Mayina a mbalame amasiyana malinga ndi dera, tsono gulu lililonse liyambe lagwirizana mayina amene limawadziwa. M'phunziro lino titchula mabanja atatu: banja la kakowa ndi chimeza, banja la dokowe, ndi banja la chingalu.

Njira yapafupi yosiyanitsira ndi kuyang'ana khosi mbalame ikamauluka. Kakowa ndi chimeza amapinda khosi, mutu n'kukhala ngati waunjikana pa mapewa. Adokowe amene timawaona kawirikawiri kuno amatambasula khosi kutsogolo, miyendo kumbuyo, ndipo amakonda kuzungulira m'mwamba kwambiri dzuwa likatentha. Chingalu nachonso chimatambasula khosi, koma chimadziwika ndi mawu. Dokowe wamkulu salira kwenikweni, amangogogoda milomo yake. Chingalu chimalira mofuula, mawu ake amamveka kutali, ndipo chachimuna ndi chachikazi zimavina modumphadumpha, mapiko ali tambasu.

Kusiyana kwina kuli pa chisa, ndipo mfundo iyi tiigwiritse, chifukwa tibwereranso kwa iyo. Akakowa amamanga zisa zambiri pamodzi m'mitengo kapena m'mabango, adokowe amamanga pamwamba, ndipo anapiye awo amakhala m'chisa kudikira chakudya. Chingalu chimamanga chisa pansi, pakati pa udzu wa m'madzi, banja lililonse palokha, ndipo anapiye ake amayamba kuyenda ndi makolo awo atangoswedwa kumene, ngati anapiye a nkhuku. Chifukwa cha ichi moto, agalu, ng'ombe ndi khasu zimachifikira msanga.

Nantchengwa, uja wofiirira wa mutu wonga nyundo, sali m'mabanja atatuwa. Ali ndi banja lakelake. Chisa chake ndi chachikulu ndi cholimba moti munthu akhoza kuimapo osagumuka. Nantchengwa akadalipo wambiri, ndipo mwina china chimene chamuteteza ndi chakuti makolo ankaletsa ana kupasula chisa chake.

2. Kuyeza ngati ku sikelo

Tonse tikuidziwa tepi ija amayezera mkono wa mwana ku sikelo. Ikaonetsa zobiriwira, mwana ali bwino. Ikaonetsa zachikasu, mwana wayamba kunyentchera, asamalidwe msanga. Ikaonetsa zofiira, mwana ali pangozi. Mbalame nazonso zimayezedwa. Bungwe la IUCN, lomwe linakhazikitsidwa mu 1948, limasunga m'ndandanda wa zamoyo za pa dziko lonse kuyambira mu 1964. Akatswiri amawerenga kuti mtundu wakutiwakuti watsala ndi mbalame zingati, ukuchepa mwaliwiro lotani, ndiponso malo ake okhala atsala aakulu bwanji. Akatero amauika pa mlingo wake. Milingoyo ndi ingapo, koma ife tiyerekeza ndi tepi yathu ija: zobiriwira ndi mbalame zosadetsa nkhawa, zachikasu ndi zimene zili pachiopsezo, zofiira ndi zimene zili pachiopsezo chachikulu choti zikhoza kutha.

3. Akakowa oyera

Kakowa amene timamudziwa kwambiri ndi uja wotsata ng'ombe. Ndi wamfupi, khosi lake ndi lalifupi, mlomo wachikasu. Ng'ombe zikamadya, ziwala ndi tizilombo tina timabalalika, iye n'kumatola. Amatsatanso munthu wolima. Nyengo yoswana, nthenga za pamutu, pachifuwa ndi pamsana zimasanduka zofiirira pang'ono. Ameneyu ali pa zobiriwira, ndipo wafalikira modabwitsa. Anaoloka yekha nyanja yaikulu ya Atlantic, naoneka ku South America mu 1877, ndipo pofika mu 1953 anali akuswana ku Florida m'dziko la America. Chimene chamuthandiza n'chakuti sasankha malo. Pamene pali ziweto ndi minda, iye wapeza chakudya.

Wachiwiri ndi kakowa woonda wa mlomo wakuda, miyendo yakuda, koma mapazi achikasu ngati wavala nsapato. Ameneyu sachoka m'madzi, amadya tinsomba ndi achule. Wachitatu ndi kakowa wamkulu, wa khosi lalitali lopindika, miyendo ndi mapazi zakuda. Onse awiri lero ali pa zobiriwira, koma kale anapulumuka lokumbakumba, ndipo amene anawapulumutsa anali amayi.

M'zaka za m'ma 1800, amayi olemera a ku Ulaya ndi ku America ankakonda zipewa zokongoletsedwa ndi nthenga za akakowa. Nthenga zokongola kwambiri zimamera nyengo yoswana, choncho alenje ankapha makolo pa chisa, anapiye n'kufa ndi njala. Mu 1889 mayi wina dzina lake Emily Williamson anayambitsa bungwe ku Manchester m'dziko la England, ndipo mamembala ake oyamba onse anali amayi. Iwo analonjezana kuti sadzavalanso nthenga zotere ndiponso kuti adzauza anzawo. Bungwelo ndilo lero limatchedwa RSPB, ndipo mu 1921 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loletsa kulowetsa nthengazo m'dzikomo. Ku America nakonso Harriet Hemenway ndi Minna Hall anayamba ntchito yofanana ku Boston mu 1896. Amayi amenewa analibe mfuti kapena udindo m'boma. Anangosiya kugula, malonda n'kugwa.

4. Awiri ofanana, koma tsogolo losiyana

M'mbali mwa madamu, m'madambo ndi m'minda ya mpunga muli kakowa wamng'ono wofiirira amene amaima chete m'udzu osaoneka. Akadzidzimuka n'kuuluka, mapiko ake amaoneka oyera mbee. Mabuku a Chingerezi amamutcha Squacco Heron. Ameneyu alipo wambiri m'Malawi, ali pa zobiriwira.

Iyeyu ali ndi m'bale wake wofanana naye kwambiri, amene amaswana pa chilumba cha Madagascar ndi tizilumba tina toyandikana nacho. Akatha kuswana amaoloka nyanja kubwera kuno kumtunda, ndipo amapezeka m'mayiko monga Kenya, Tanzania, Mozambique, Zambia ndi Malawi kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala. Akakhala kuno amaoneka wakuderako kuposa mnzake uja, mizere ya pakhosi ndi pachifuwa ndi yaikulu ndi yakuda, ndipo thupi ndi lojintcha pang'ono. Kwawo nyengo yoswana amasanduka woyera thupi lonse, mlomo wobiriwira ngati thambo. Mlendo ameneyu anaikidwa pa zofiira mu 2008, ndipo akuluakulu ake pa dziko lonse sapitirira 4,000. Chamuchepetsa ndi kutoleredwa kwa mazira ndi anapiye ake ndi anthu, komanso kusandutsidwa kwa madambo a kwawo kukhala minda.

Taonani tsono, amayi. Mnyamata wa legeni sangathe kusiyanitsa awiriwa. Kwa iye onse ndi ndiwo. Koma mwala umodzi ukhoza kugwetsa mbalame imene yauluka ulendo wautali pamwamba pa nyanja, ya mtundu umene chiwerengero chake chikuchepera anthu a m'midzi ingapo ya kwathu kuno.

5. Chimeza ndi adokowe

Chimeza chotuwa cha mutu wakuda timachiona chikuyenda pang'onopang'ono m'minda, ngakhale kutali ndi madzi. Chimadya mbewa, achule, abuluzi ndi tinjoka. Ndi mnzake wa mlimi, ndipo chili pa zobiriwira.

Mvula ikayamba timaona magulu a adokowe akuda a mimba yoyera atatera m'minda. Amenewa amaswana kumpoto kwa Africa kuno, m'mayiko a kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, ndipo amatsata mvula kubwera kuno cha mu Novembala, n'kubwerera cha mu Malichi kapena Epulo. Nthawi yomweyo kumabweranso dokowe woyera wa mapiko akuda, mlomo ndi miyendo zofiira, wochokera ku Ulaya. Onse awiri amadya ziwala, dzombe ndi mbozi. Ndi aganyu osalipidwa. Pakadali pano ali pa zobiriwira, koma amafa akadya tizilombo topoperedwa mankhwala amphamvu.

6. Zingalu ziwiri

Pa dziko lonse pali mitundu 15 ya zingalu, ndipo yambiri ili pachiopsezo. Iwiri ndiyo ya kwathu kuno.

Choyamba ndi chingalu cha chisoti, chomwe m'Chingerezi amati Grey Crowned Crane. Ndi chotalika pafupifupi mita imodzi, chotuwa, masaya oyera, pamutu pali nthenga zoimirira zonga ulusi wagolide. Ndi chija chili pa mbendera ya dziko la Uganda. Chili ndi chala chakumbuyo chachitali, choncho chimatha kugona mumtengo. Chimaswana nyengo ya mvula, chimaikira mazira awiri, atatu kapena anayi, ndipo chimadya njere za udzu, ziwala ndi achule. Chimalowanso m'minda.

Chachiwiri ndi chingalu cha ndolo, Wattled Crane. Tikuchitcha chotero chifukwa pansi pa chibwano chake palendewera tinyama tiwiri ngati ndolo. Ichi ndiye chachikulu pa zingalu zonse za mu Africa, chikaima chimalingana ndi munthu wamkulu. Khosi lake ndi loyera, msana wotuwa, mimba yakuda. Chimakumba timizu ndi tizinthu tonga mbatata ta zomera za m'madzi, ndiye sichingakhale kopanda dambo lalikulu la madzi osaya. Chimaswana nyengo yozizira ya chilimwe. Chimaikira dzira limodzi kapena awiri, koma chimalera mwana mmodzi yekha, ndipo mwanayo amatha miyezi itatu kapena inayi asanayambe kuuluka. Nthawi yonseyo amakhala pansi, m'miyezi yomwe ija timatentha tchire.

Mwina tingaganize kuti cha ndolo ndicho chili pangozi yaikulu, popeza n'chochepa: pa dziko lonse sizikwana 10,000. Koma chili pa zachikasu, pamene cha chisoti, chomwe chilipo chochulukirapo, chinaikidwa pa zofiira mu 2012. Chifukwa chake n'chakuti cha chisoti chatsika mwaliwiro kwambiri. Mu 1985 zinalipo zoposa 100,000, koma patapita zaka 30 zinali pafupifupi 30,000. Ku sikelo timadziwa kuti mwana wonenepa amene kulemera kwake kukutsika mwezi ndi mwezi amadetsa nkhawa ngati mmene amachitira mwana wochepa thupi. Chimene chapweteka chingalu cha chisoti ndi kukongola kwake komwe: anthu amagwira anapiye kukaweta m'mipanda ya mahotela ndi ya anthu olemera. Zina zimafa ndi mankhwala m'minda, zina zimawombana ndi mawaya a magetsi.

Kuno ku Malawi, mabuku a mbalame amasonyeza kuti chingalu cha ndolo chinkaswana ku Nyika ndipo chinkapezeka ku Kasungu, pamene cha chisoti chinkaoneka m'madambo a m'chigawo chapakati ndi m'zigwa za kunyanja monga ku Salima ndi ku Dwangwa. Lero kuona chimodzi mwa ziwirizi m'dziko muno n'chinthu chapatali. Wofuna kuona zingalu za chisoti zambiri amapita ku chigwa cha Luangwa m'Zambia. Za ndolo zambiri zili ku Kafue, ku Bangweulu ndi ku Liuwa m'Zambia momwemo, ku Okavango m'Botswana, ndi kumathero a mtsinje wa Zambezi m'Mozambique. Kumenekonso mavuto alipo, chifukwa madamu aakulu a Cahora Bassa, lomwe linatsekedwa mu 1974, ndi Itezhi-Tezhi, lomwe linatha mu 1977, anasintha nthawi imene madzi amasefukira m'madambo.

7. Dambo likafa

Mbalamezi zikusowa chifukwa madambo akusowa. Tikalima dimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, tikakumba ngalande zoumitsa dambo, tikadula mitengo ya m'mapiri kuti tiumbire njerwa kapena timangire zigafa, madzi a mvula amathamanga, amakokolola nthaka n'kukwirira dambo ndi mchenga. Dambo lamoyo limamwa madzi dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chilimwe. Dambo lakufa limasefukira mu Febuluwale n'kuuma gwa mu Ogasiti. Ndani amene amayenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu chitsime chikaphwa? Ndife amayi ndi ana athu aakazi. Kusowa kwa mbalame ndi chizindikiro choyamba cha matenda amene mapeto ake amatigwira ife tomwe.

Dziko lathu linalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1997, ndipo nyanja ya Chilwa ndiyo inali malo athu oyamba kulembedwa. Dambo la Elephant Marsh ku chigwa cha Shire linalembedwa mu 2017. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inachepanso kwambiri mu 2018. Nsomba zikasowa, anthu amatembenukira ku mbalame. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayerekeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa kumeneko pa chaka. Pambuyo pake alenje eni ake anapanga makalabu mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, napatula malo ena oti mbalame ziziswana mwamtendere.

Kwina zinthu zabwerera mwakale. Ku Rwanda, dokotala wa ziweto Olivier Nsengimana ndi anzake anachotsa zingalu za chisoti m'mipanda ya anthu, nabwezera zathanzi kutchire, nagwira ntchito ndi anthu a m'midzi yozungulira madambo. Mu 2017 anawerenga zingalu 487, ndipo mu 2022 zinali zitapitirira 1,000.

8. Chenjezo la zaumoyo

Pali anthu amene amathira mankhwala a mbozi kapena a makoswe, monga aja timati tameki, m'chimanga kapena m'madzi kuti agwire mbalame. Mbalame yofa ndi mankhwala si ndiwo, ngakhale itachotsedwa matumbo. Munthu amene wadya chiphe chotere amatuluka malovu ndi thukuta lambiri, amasanza, amatsekula m'mimba, maso ake akuda amachepa ngati kadontho, ndipo amabanika. Musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Thamangirani naye kuchipatala, ndipo ngati paketi ya mankhwalawo ilipo muitenge.

Chachiwiri, tikapeza mbalame zingapo zitafa malo amodzi, tisazigwire ndi manja, tisalole ana kapena agalu kuziyandikira, ndipo tidziwitse alangizi a ziweto. Chimfine cha mbalame chinapha zingalu zoposa 5,000 ku chigwa cha Hula m'dziko la Israel mu Disembala 2021, ndipo matendawa amagwiranso nkhuku, nthawi zina ngakhale anthu.

9. Zoti tichite

Choyamba, posema dimba tisiye mzere wa udzu ndi mabango m'mbali mwa madzi, ndipo tifunse alangizi a zaulimi kukula kwake koyenera.

Chachiwiri, tilankhule ndi anyamata athu za moto wosakira mbewa. Asatenthe dambo, ndipo asatole mazira kapena anapiye m'zisa.

Chachitatu, tisatsukire mipope yopopera mankhwala mu mtsinje kapena pa chitsime.

Chachinayi, tisagule mbalame zakutchire zimene sitikudziwa mmene zaphedwera, ndiponso tisagule mwana wa chingalu kuti tiwete. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wogwira kapena kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo amaimbidwa mlandu.

Chachisanu, mutu umodzi susenza denga. Tipite kwa anyakwawa monga gulu, tikapemphe kuti mbali ina ya dambo ipatulidwe, isalimidwe ndiponso isatenthedwe. Tsiku la 2 Febuluwale, lomwe ndi lokumbukira madambo pa dziko lonse, lingakhale labwino kuyambira.

Chachisanu ndi chimodzi, wina akaona chingalu, alembe tsiku, malo ndi chiwerengero chake, n'kudziwitsa a nthambi yoona za nyama zakutchire kapena a zankhalango ku boma.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi mbalame ziti za m'dambo zimene munkaziona muli atsikana koma lero simuzionanso? Mayina ake kwanuko ndi otani?
2. Kodi chitsime kapena mtsinje wa m'mudzi mwanu umaphwa mwezi uti masiku ano? Nanga zaka 20 zapitazo unkaphwa liti?
3. Mabanja ambiri amadalira dimba kuti apeze ndiwo, sopo ndi fizi. Tingateteze bwanji dambo popanda kulanda mnzathu chakudya?
4. Amayi a ku Manchester aja anasiya kugula nthenga. Ife n'chiyani chimene tingasiye kugula kapena kuchita?

Ntchito ya kunyumba

Mayi aliyense atenge mwana kapena mdzukulu mmodzi, apite naye ku dambo m'mamawa tsiku limodzi mwezi uno. Akhale chete kwa mphindi 30, awerenge mbalame za miyendo italiitali, aone mtundu wa mlomo ndi mapazi, aonenso ngati ikupinda khosi pouluka. Afunsenso agogo mmodzi wa m'mudzimo mayina akale a mbalamezo. Mlembi wa gulu alembe zonse m'kope limodzi, ndipo tidzawerengenso pa dambo lomwelo mwezi womwewo chaka chamawa, kuti tione ngati tepi yathu ikupita ku zobiriwira kapena ku zofiira.